Nkhope Yakana Toner? Yambani Kufufuza Apa

Dandaulo lake silisintha, amasintha ndi munthu wobwera nalo. Amalowa mu saluni dzanja lili patsaya, asanakhale n'komwe pansi wayamba kale: "Asisi, taonani zimene wandichita toner uja." Ndikamufunsa bwinobwino, kawirikawiri timapeza kuti botolo lili ndi mlandu wochepa. Mlandu waukulu umakhala pa kapakidwe: wapaka pafupipafupi, wasakaniza ndi mankhwala ena atatu usiku umodzi, kapena wathira asidi pa khungu lotopa kale. Ndabwereza mawu amenewa mpaka kukamwa kuuma, n'chifukwa chake ndawalemba.

## Choyamba, tembenuzani botolo

Toner ndi madzi opaka kumaso mukatha kusamba, koma dzinali limabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo simungathetse vuto musanadziwe kuti wanu ndi uti. Werengani mndandanda wa zopangira kumbuyo kwa botolo. Zimene zalembedwa koyambirira ndi zimene zachuluka m'katimo.

- Wonyowetsa khungu. Mupezamo glycerin, hyaluronic acid, panthenol kapena aloe vera. Uyu savuta kwenikweni.
- Wa asidi, wochotsa khungu lakufa. Mupezamo glycolic acid kapena lactic acid, amene amalembedwanso kuti AHA, kapena salicylic acid, amene ndi BHA. Ameneyu ndi mankhwala, ngakhale akuoneka ngati madzi.
- Woumitsa mafuta. Mupezamo alcohol denat pafupi ndi pamwamba pa mndandanda, nthawi zina pamodzi ndi witch hazel kapena menthol. Ambiri amalembedwa kuti astringent.

Botolo lopanda mndandanda, lija amachita kukuthirirani kuchokera m'chigubu, lili ndi gawo lake m'munsimu.

Dziwaninso ichi: khungu la nkhope mwachibadwa limakhala ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, umene umakwera asidi akamachepa) imakhala chapakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo wa mtanda amafika 9 kapena 10. Toner anatchuka kale pofuna kuchotsa zotsalira za sopo wotereyu. Ngati mumasamba kumaso ndi sopo wofewa wopangidwira nkhope, toner ndi ndiwo yapambali chabe, mukhoza kumusiya osataya kanthu.

## Nkhope ikuwotcha ngati mwapaka tsabola

Toner wa asidi amatha kubayabaya pang'ono kwa masekondi angapo, kenako n'kuleka. Akapitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, kapena ululu ukamakula, sambani ndi madzi ozizira ambiri nthawi yomweyo. Zoti "akawawa ndiye kuti akugwira ntchito" ndi bodza limene lawononga nkhope zambiri. Ndipo pa khungu lakuda musadikire kuona kufiira, sikuoneka bwino. Gwirani tsaya ndi kuseri kwa dzanja: ngati likutentha, latupa pang'ono, kapena lada kuposa malo ena, khungu lapsa.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Khungu linali litavulala kale. Kayesedwe kake n'kosavuta: dzolani mafuta anu a masiku onse. Ngati nawonso akuwawa, kapena thukuta lokha likubaya, chitetezo cha pamwamba pa khungu chang'ambika. Siyani toner ndi mankhwala onse amphamvu kwa masabata 2 mpaka 4. Tsalani ndi zitatu zokha: sopo wofewa, mafuta odzola opanda perefyumu, ndi sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa).
2. Mwaunjika mankhwala usiku umodzi. Scrub (zokhulira khungu), mankhwala a khungu monga retinol, tretinoin, adapalene ndi benzoyl peroxide, komanso toner wa asidi, chilichonse pachokha chimakwana kutopetsa khungu. Agawireni masiku. Usiku wa asidi ukhale wa asidi yekha.
3. Alcohol denat, menthol kapena perefyumu. Kuzizira kokoma kuja n'kumene kumakunyengani. Sinthani botolo. Koma musathawe mawu oti alcohol paliponse: cetyl alcohol ndi cetearyl alcohol ndi za mafuta, siziumitsa khungu.
4. Mwapaka pamalo pongometa. Ndevu, nsidze zongozula, kapena m'mphepete mwa tsitsi mutangoika relaxer. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Abambo amene mumathira spiriti mukameta kenako toner pamwamba, sankhani chimodzi, ndipo ndikanakonda musiye spirityo.
5. Mukukhula ndi thonje ngati mukukwecha poto. Thirani timadontho m'manja oyera, mupake mosisita pang'onopang'ono.

Ine ndinagwa pa nambala 1 ndi 2 nthawi imodzi. Kutatsala sabata kuti mng'ono wanga achite chinkhoswe, ndinafuna nkhope isalale msanga. Ndinkapaka toner wa glycolic acid m'mawa ndi madzulo, n'kuwonjeza scrub katatu. Tsiku lachinayi masaya ananyezimira ngati jumbo yatsopano, ine n'kumati zatheka. Lachisanu ndili mu minibasi masana, thukuta litatsika pachipumi, ndinamva ngati wina wandiwaza madzi a mchere pachilonda. Pa chinkhoswepo ufa wa kumaso unakana kukhala, unkangounjikana m'ming'alu. Mawanga akuda amene anatsatira anatenga miyezi kuti azilale.

## Nkhope yauma, yatuwa mbuu, ikusendeka

Mukamwetulira mukumva kukoka, ngati mwana amene phala lamuumira m'masaya.

1. Mukupaka asidi pafupipafupi. Yambani ndi kawiri pa sabata, usiku wokha. Khungu likavomera kwa mwezi, mukhoza kufika katatu. Anthu ochepa okha ndi amene amafunika asidi tsiku lililonse, kaya botolo likunena chiyani.
2. Sopo wanu ndi waukali. Ambirife timasamba kumaso ndi sopo yemweyo wosambira thupi, ena mpaka wa mtanda wochapira zovala. Ngati nkhope ikukoka musanapake n'komwe toner, wolakwa ndi sopo.
3. Simukudzola mafuta pambuyo pake. Toner, ngakhale wonyowetsa, ndi madzi. Akauma amapita. Dzolani mafuta khungu likadali lonyowa pang'ono. Pamalo posendeka kwambiri, monga m'mbali mwa mphuno, ikani petroleum jelly pang'ono usiku.
4. Nyengo yasintha. Toner amene munkagwirizana naye mu February, mvula ili mkati, akhoza kukuumitsani mu June ndi July, mpweya utauma. Chepetsani masiku nthawi yachisanu.
5. Madzi. Madzi a pamjigo a m'madera ena, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje, amakhala amchere. Ngati sopo sachita thovu msanga ndipo khungu limatsala lokhakhala, sambani kumaso ndi sopo kamodzi kokha patsiku, usiku. M'mawa madzi okha akwana. Madzi otentha kwambiri nawonso amasukulutsa mafuta a khungu.

Zosendekazo musazikande kapena kuzipala ndi scrub. Zigwa zokha.

## Ziphuphu zachuluka chiyambireni toner

Apa anthu amakangana kwambiri, chifukwa ogulitsa amakonda kunena kuti "akutulutsa zoipa, pirirani". Nthawi zina amanena zoona, nthawi zambiri ayi. Siyanitsani chonchi:

- Onani mtundu wa toner. Wa asidi yekha ndi amene angafulumizitse ziphuphu zimene zinali zitabisala kale pansi pa khungu. Wa rose water kapena wa glycerin alibe mphamvu imeneyo. Akakutulutsani ziphuphu, ndiye kuti simukugwirizana naye basi.
- Onani malo. Ngati zatuluka pamene zimatuluka nthawi zonse, monga pachibwano kapena pachipumi, ndipo zikuuma msanga, mukhoza kupirira. Zikatuluka malo achilendo, siyani.
- Werengani masabata. Khungu limadzikonzanso pafupifupi mwezi uliwonse, choncho pofika masabata 4 mpaka 6 zinthu ziyenera kuyamba kutsika. Zikapitirira apo zikukulabe, kupirira kwasanduka kudzivulaza.

Zoyambitsa zina, zikachitika kuti si zimenezo:

1. Khungu lapsa ndi asidi wochuluka. Timatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono tambirimbiri tofanana, nkhope n'kumawawa. Chitani zimene zili m'gawo la kuwotcha.
2. Mwayamba zinthu zatsopano zingapo sabata imodzi, ndiye toner akusenza mlandu wa mnzake. Siyani zonse, muzibweza chimodzichimodzi, motalikitsa masabata awiri.
3. Mafuta a tsitsi. Ziphuphu za pachipumi ndi m'mbali mwa makutu kawirikawiri zimachokera ku mafuta a m'mutu, gel wa m'mphepete, duku kapena wigi yosachapa, ndi pilo.
4. Tiziphuphu tozungulira pakamwa ndi mphuno, tosiya kamzere koyera m'mphepete mwa milomo. Iti timakonda kubwera kwa munthu amene wakhala akudzola kirimu wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) kumaso. Toner sangathetse, pitani kuchipatala.

## Mawanga akuda akuwonjezeka m'malo mozilala

Gawo ili ndi limene limandiwawa, chifukwa ambiri amagula toner pofuna kuchotsa mawanga omwewo. Khungu lakuda lili ndi khalidwe lake: likapsa, likatupa, kapena likakandidwa, limayankha potulutsa melanin wochuluka pamalopo, chija chimapatsa khungu mtundu wakuda. Chiphuphu chimatha m'sabata imodzi, banga lake limakhala miyezi. Choncho chilichonse chowawitsa nkhope yanu lero chikukulemberani ngongole ya mawanga.

1. Asidi wopanda sunscreen. Glycolic acid ndi lactic acid amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo izi zimapitirira mpaka pafupifupi sabata mutasiya kupaka. Dzuwa lathu la October silinyengerera munthu. Dzolani sunscreen wa SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya mphamvu yake, imalembedwa pabotolo) m'mawa uliwonse, mubwereze ngati mukhala panja nthawi yaitali, muvalenso chipewa. Ndikudziwa kuti ena amasiya nkhope yotuwa ngati mwagwera mu ufa, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Koma ngati ndalama zikukwana botolo limodzi lokha, gulani sunscreen, toner wa asidi adikire.
2. Asidi wamphamvu kuposa khungu lanu. Ma toner a glycolic acid otchuka amakhala a 5% kapena 7%, a salicylic acid amakhala pakati pa 0.5% ndi 2%. Woyamba kumene ayambe ndi wofooka. Lactic acid ndi mandelic acid amalowa m'khungu pang'onopang'ono kuposa glycolic, n'chifukwa chake khungu losachedwa kupsa limawalandira bwinoko.
3. Toner wopanga nokha. Madzi a mandimu ali ndi pH ya pafupifupi 2, asidi woopsa pankhope, ndipo madzi a zipatso za mtundu umenewu akakumana ndi dzuwa pakhungu amatha kuwotcha mpaka matuza n'kusiya zipsera zakuda. Viniga wosasungunula amawotchanso. Zimene mwaona pa TikTok zisakupusitseni.
4. Kufinya ziphuphu. Palibe toner amene angapikisane ndi zikhadabo zanu.
5. Si mawanga a ziphuphu ayi. Zigamba zofiirira zofanana mbali zonse ziwiri, m'masaya, pachipumi kapena pamwamba pa mlomo, makamaka kwa mayi woyembekezera kapena womwa mapiritsi olera, zikhoza kukhala melasma. Iyi imakula ikaputidwa. Ikufuna dokotala.

### Botolo lopanda dzina

Pali ma toner ena "owalitsa" amene amagulitsidwa m'timabotolo topanda mndandanda wa zopangira, pamsika kapena pa WhatsApp. Chizindikiro chake n'chakuti amagwira ntchito mofulumira modabwitsa: masabata awiri okha nkhope yayera kusiyana ndi khosi. Zinthu zoyeretsa khungu mwachangu chonchi kawirikawiri zimakhala zitatu.

- Steroid, monga clobetasol kapena betamethasone. Khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu ndi tsitsi zimamera kumaso. Mukasiya, nkhope imawotcha ndi kuyabwa, n'kukukakamizani kubwereranso.
- Hydroquinone. Madokotala amamugwiritsa ntchito kwa nthawi yoikika. Akadzoledwa kwa nthawi yaitali amatha kubweretsa ochronosis, zigamba zakuda mobiriwira pamafupa a masaya, zovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola.
- Mercury, amene amalembedwanso kuti calomel kapena mercurous chloride. Uyu sathera pakhungu. Amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa.

Ngati mwadzola chotere kwa miyezi, musachite manyazi. Tengani botololo kuchipatala, munene nthawi yeniyeni imene mwakhala mukudzola. Steroid wa nthawi yaitali amafuna kusiyidwa motsogozedwa ndi achipatala.

## Kuyabwa, zidzolo, kutupa zikope

Kuwotcha kumabwera nthawi yomweyo. Kuyabwa kwa thupi lokana chinthu kumachedwa, kumatha kuyamba patapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo kumafalikira kupitirira pamene munapaka. Kungathenso kuyamba ndi botolo limene mwagwiritsa ntchito kwa miyezi popanda vuto.

1. Perefyumu, wolembedwa kuti parfum, fragrance, limonene kapena linalool.
2. Mafuta a zomera monga tea tree, lavender ndi a malalanje. Mawu oti natural pabotolo sakutanthauza kuti thupi silingakane. Chitedze nachonso n'chachilengedwe.
3. Mankhwala oteteza kuti toner asawonongeke, makamaka methylisothiazolinone.

Siyani botololo, ndipo musalibwererenso ngakhale pang'ono. Jambulani mndandanda wa zopangira pa foni kuti mudzayerekeze ndi zimene mudzagule mtsogolo. Ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira pamalo poyabwa. Ngati thupi lanu limakana aspirin, funsani kaye achipatala musanayandikire salicylic acid, chifukwa ndi apachibale.

## Nkhope ikunyezimirabe mafuta

1. Kutentha. Mu October ndi November khungu limatulutsa mafuta ndi thukuta lambiri. Toner saletsa izi, amangopukuta zapamwamba. Tishu yoyera yogunditsa pang'ono masana imathandiza kuposa kupaka toner kachitatu.
2. Si mafuta. Khungu lopalidwa kwambiri limanyezimira ngati galasi koma likukoka. Gunditsani tishu: ikatuluka youma, siyani asidi.
3. Mafuta odzola ndi olemera. Sinthani, mupeze opepuka. Musasiyiretu kudzola.

Za timabowo ta pakhungu: tilibe minofu yotsegula kapena kutseka. Salicylic acid amatha kutitsuka m'kati kuti tioneke tating'ono, koma palibe toner wotitseka.

## Toner wasintha fungo, mtundu, kapena wachita matope

Tayani. Pabotolo pamakhala kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene angakhale mutatsegula. Pawindo pofika dzuwa ndi m'galimoto yotentha amawonongeka msanga. Madzi a mpunga opanga nokha amasasa m'masiku ochepa, ngakhale mu fuliji. Ndipo toner akatsala pang'ono musathiremo madzi kuti achuluke, mukuweta tizilombo.

## Mwapaka, koma palibe chikusintha

Ngati ndi wonyowetsa, ntchito yake ndi yomweyo, kufewetsa basi, sachotsa mawanga. Ngati ndi wa asidi, mupatseni masabata 6 mpaka 8 pa ziphuphu, ndipo mawanga amafuna miyezi. Dzijambuleni pamalo amodzimodzi, nthawi yofanana, kamodzi pa masabata awiri, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku silionetsa kusintha. Onaninso ndondomeko: kusamba, toner, mankhwala ena ngati alipo, mafuta odzola, kenako sunscreen m'mawa. Toner wopakidwa pamwamba pa mafuta safika pakhungu.

## Apa lekani zoyesayesa, pitani kuchipatala

Thamangani nthawi yomweyo ngati:

- milomo, lilime kapena maso zatupa, kapena mukubanika popuma
- zidzolo zabuka thupi lonse
- toner wa asidi walowa m'maso ndipo ululu kapena kusaona bwino sikukutha mutatsuka ndi madzi oyera kwa mphindi 15
- mwana wamwa toner

Pitani m'masiku ochepa ngati:

- patuluka matuza, zilonda, madzi kapena nkhanambo zachikasu
- pamalopo pakutentha, kutupa kukukula, kapena mwayamba kutentha thupi
- mwasiya zonse kwa masabata awiri koma kuwotcha kapena kuyabwa sikukuchepa
- muli ndi ziphuphu zikuluzikulu zowawa za m'kati, zosiya maenje
- mwaona zigamba zakuda mobiriwira, kapena zoyera zimene zikukula
- ndinu woyembekezera kapena woyamwitsa ndipo mwakhala mukudzola zoyeretsa khungu kapena retinol

Yambirani ku chipatala chapafupi. Zikafunika akutumizani kwa oona za khungu, monga ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Nyamulani mabotolo onse amene mumadzola, ngakhale aja mukuchita nawo manyazi. Ife a mu saluni tikhoza kukuuzani kuti siyani ichi, koma kulemba mankhwala si ntchito yathu, ndipo wina akakupatsani kirimu wa mu chubu kuti "muziziritse" nkhope popanda kukuuzani dzina lake, mukaneni.

## Kubwerera ku toner khungu litachira

Dikirani mpaka madzi, thukuta ndi mafuta anu odzola zisakuwaweninso kwa sabata yathunthu. Kenako:

1. Yesani pamalo pang'ono, m'kati mwa mkono pafupi ndi chigongono, kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10.
2. Pakapanda kuyabwa kapena kutupa, pakani kumaso usiku umodzi, mudikire masiku atatu.
3. Pewani zikope, m'mbali mwa mphuno ndi m'makona a pakamwa. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala.
4. Musayambe china chatsopano mpaka patadutsa masabata awiri.
5. Ngati pali ukwati kapena chinkhoswe kutsogoloku, botolo latsopano litsegulidwe kutatsala miyezi iwiri, apo ayi lidikire mwambo udutse.